Ndalama ya pakamwa pa nduna siliza injini ya boti

Chaka chilichonse, nduna ya zachuma ikangotsiriza kuwerenga bajeti ku Lilongwe, foni yanga sipuma. Amanditumizira kachithunzi kodula pa Facebook, pansi pake atalemba kuti "Akulu, atiwonjezera!" kapena "Atidula!" Ndadyera ntchito yowerenga mabuku a bajeti kwa zaka zambiri, ndipo ndatopa kuyankha mmodzimmodzi. Wovinayo ndi wolirayo, onse sanaone kanthu. Mawu amene nduna imawerenga tsiku lija ndi chikuto chabe. Kumene amadulira ndalama za anthu akumudzi ndi a pazilumba ndi m'mabuku aakulu aja amene amatuluka limodzi ndi mawuwo, omwe ngakhale ena mwa ofuula kwambiri sanawatsegulepo.

Mzere uliwonse wa bajeti uli ndi manambala atatu, ndipo wokupatsani imodzi yokha akukunamizani, kaya akudziwa kaya sakudziwa. Yoyamba ndi imene aphungu anavomereza. Yachiwiri ndi imene inatsala atawunikanso bajeti pakati pa chaka. Yachitatu, yomwe anthu saifunsa n'komwe, ndi imene inachokadi ku Treasury, kosungira chuma cha boma, n'kufika kukhonsolo. Mpeni umadutsa pakati pa yoyamba ndi yachitatu, mwakachetechete, mwezi ndi mwezi. Malipiro sawakhudza kawirikawiri, chifukwa aphunzitsi ndi anamwino angapange phokoso tsiku lomwelo. Amakhapa ndalama zoyendetsera ntchito, zimene m'maofesi amangoti ORT, ndiye za mafuta, zokonzetsera ambulansi, zogulira choko. Amakhapanso Development Part II, ndalama za chitukuko zochokera m'thumba la boma lathu, pomwe Part I ndi ya abwenzi akunja. Sukulu ya m'tauni ORT ikachedwa makolo amasonkha. Chipatala cha pachilumba ORT ikachedwa boti limagona padoko.

Koma cholakwa chimene chimandipweteka mutu n'chakuti nambala ikakwera ndiye kuti sanadule. Mu November 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Masiku omwewo petulo anakwera kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita. Tiyerekeze kuti boti lonyamula odwala linali ndi K10 miliyoni ya mafuta pachaka, ndiye chaka chotsatira alikwezera kufika pa K12 miliyoni. Pawailesi anena kuti ndalama zawonjezeka. Tengani cholembera. Poyamba ankagula malita opitirira 5,700, tsopano agula malita 4,700 ndi pang'ono. Malita pafupifupi chikwi asowa, ndipo palibe amene anaimirira m'Nyumba ya Malamulo kunena kuti "tadula".

Pachilumba zimaposa apa. Ku Likoma kalembera wa 2018 anapeza anthu osakwana 15,000, boma laling'ono kuposa onse m'dziko muno. Ndalama zikamagawidwa poyang'ana kwambiri chiwerengero cha anthu, boma lotere limalandira kachidutswa, chikhalirecho thumba la simenti lililonse, malata aliwonse, mgolo wa mafuta uliwonse uyenera kukwera sitima kapena boti kuchokera ku Nkhata Bay. Wodwala amene chipatala cha St Peter's chamutumiza kumtunda sakwera kabaza. Ndipo sitima imene aku Likoma ndi Chizumulu akhala akuidalira, Ilala, inayamba kuyenda panyanja mu 1951. Ikapita kukakonzedwa, mitengo ya zinthu pachilumba imadziwa yokha chochita. Ku Scotland, komwe Ilala inapangidwa, anakhazikitsa lamulo mu 2018 lokakamiza boma kuwunika kaye mmene mfundo yatsopano ikhudzire anthu a pazilumba mosiyana ndi akumtunda. Kwathu kuno ntchito imeneyo ili m'manja mwa phungu ndi inu amene mumamufunsa.

Likoma ili ndi mwayi umodzi: ndi boma palokha, kotero dzina lake limaoneka pa mndandanda wa makhonsolo. Anthu a pa Chisi, panyanja ya Chilwa, sangapeze dzina lawo chotero. Ndalama zawo zamezedwa m'nambala ya Zomba yonse, pamodzi ndi za anthu okhala m'mbali mwa msewu wa tala. Wofuna za Chisi asataye nthawi ndi buku la ku Lilongwe lokha, apite kukhonsolo akafunse mmene anagawira.

Tsopano za Hansard. Ili ndi buku lolembamo mawu onse olankhulidwa m'Nyumba ya Malamulo, tsiku ndi tsiku, m'Chingerezi. Anthu amalakwitsa pofufuza ndi dzina la phungu basi. M'Nyumba muja phungu amaitanidwa ndi dzina la dera lake, choncho fufuzani ndi dera, ndi dzina la chinthucho monga mmene angachitchulire m'Chingerezi: Chizumulu, Ilala, jetty, boat ambulance. Yambani mwapeza tsiku. Kakanema kamene kakuzungulira pa WhatsApp kopanda tsiku ndi kachabechabe, ndaonapo ka zaka zitatu zapitazo kakuyenda ngati ka dzulo. Mukapeza tsikulo, musawerenge funso la phungu lokha n'kuwomba m'manja. Werengani yankho la nduna mpaka kumapeto, chifukwa mchira wake nthawi zambiri umakhala "when funds are available", kutanthauza kuti ndalama zikapezeka. Limenelo si lonjezo, ndi njira yaulemu yokhalira pansi. Malo okoma kwambiri mu Hansard ndi masiku a Committee of Supply, pamene aphungu amadutsa voti ndi voti, ndiye kuti gawo la bajeti la unduna kapena nthambi ya boma iliyonse palokha. Apo ndi pomwe mungaone ngati phungu wanu anatsegula pakamwa ndalama za dera lake zikudutsa, kapena anali panja.

Si masiku onse amene mungawapeze pa intaneti, ndipo ena amachedwa kuikidwa. Musagwe ulesi. Gawo 37 la malamulo aakulu a dziko lino limakupatsani ufulu wopeza zimene boma likusunga, ndipo lamulo la Access to Information la 2017 linayamba kugwira ntchito mu September 2020. Lembani kalata, tchulani chikalata chenicheni ndi chaka chake, sungani kope lodindidwa. Kalata yoti "tikufuna kudziwa za chitukuko cha kwathu" ayiyankha ndi nthano. Yoti "tikufuna ndalama za ORT ya zaumoyo zimene khonsolo inalandira mwezi ndi mwezi kuyambira April mpaka September" ilibe pothawira.

Pali nkhani imene imandibwererabe. Anandipeza abambo awiri ndi mayi mmodzi a komiti ya chitukuko ya pachilumba china, sinditchula. Anali atayenda masiku awiri. Mayiyo anatulutsa m'chikwama pepala lopindidwa kanayi, lofewa ndi thukuta, pomwe mwana wa sukulu anawalembera mawu a nduna ina yolonjeza nyumba yodikirira amayi oyembekezera ndi boti lake. Anandifunsa kuti, "Bambo, ndalamazi wadya ndani?" Kumudzi anali atamaliza kale kuweruza. Khansala sankapatsidwa moni, mkulu wa pachipatala ankalozedwa chala pamsika.

Tinakhala pansi masana onse. Mawuwo tinawapezadi mu Hansard, nduna inanenadi. Chaka choyamba ntchitoyo inali m'buku la bajeti ndi ndalama yake. Powunikanso pakati pa chaka inatsala ndi kandalama kongosungira dzina pamzere. Chaka chachiwiri mzerewo kunalibe. Palibe anadya, chifukwa ndalamayo sinachoke n'komwe ku Lilongwe. Anthu anadana zaka ziwiri chifukwa cha ndalama imene sinawoloke nyanja.

Chimene chinandiwawa si chimenecho chokha. Anali atasonkherana ndalama, nyumba ndi nyumba, n'kupatsa mnyamata wina wa jekete amene anawauza kuti ali ndi anthu ake ku Capital Hill, ntchitoyo aibwezeretsa m'bajeti. Anthu otere achuluka. Amabwera ndi mapepala okhala ndi chidindo, amatchula mayina a mabwana ngati anadya nawo nsima dzulo, ndipo amafuna "ya thiransipoti" msanga. Palibe munthu wamba amene amagulitsa mzere wa bajeti. Ntchito imalowa kudzera ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), ya dera (ADC), khonsolo ndi unduna wake, ndipo aphungu ndi amene amavomereza. Wokuuzani njira ina yachidule akufuna mbuzi yanu. Akatswiri a pa Facebook nawonso muwachenjere, aja amaika tebulo la manambala popanda kunena buku, tsamba, ngakhale chaka. Mufunseni tsamba. Akakwiya, mwadziwa.

Ndipo anthu atatu a komiti aja anabwera kwa ine mu June. Apa ndiye pamandithera mawu. Kuyambira 2022 chaka cha boma chimayamba pa 1 April n'kutha pa 31 March, sichiyambanso mu July monga ambiri akuganizirabe. Nduna imamva maganizo a anthu chakumayambiriro kwa chaka, bajeti imawerengedwa cha mu February, kenako aphungu amagawana m'makomiti kwa masabata angapo kuisanthula isanavomerezedwe March asanathe. Masabata amenewo ndiwo khomo lokhalo lotseguka bwino. Kalata yofika kwa phungu ndi kwa wapampando wa komiti nthawi imeneyo, yokhala ndi voti, tsamba ndi manambala a zaka ziwiri, imatha kuwerengedwa m'chipinda momwe nambala ikhoza kusintha. Ikafika mu June, mwatsala ndi kuwunikanso kwa pakati pa chaka, ndipo kumeneko amadula kambiri kuposa kuwonjezera.

Ndinawalembera manambala onse papepala limodzi, tsamba ndi tsamba, n'kuwauza kuti abwerenso mu January tidzalembe kalata pamodzi. Mayiyo analipinda kanayi ngati loyamba lija, n'kundifunsa ngati ndingalembe pansi pake m'Chichewa kuti khansala sanabe, akawerenge pamsonkhano wa mfumu. Ndinalemba. Mu January sanabwere. Nthawi imeneyo ndi ya mvula, nyanja imavuta, ndipo ya ulendo inali itapita ndi mnyamata wa jekete uja.