Mukapita ndi ana ku Cape Maclear, akaone mbuna

Mabanja ambiri akafika ku Cape Maclear amayala mkeka pamchenga, kuotcha chambo, ana n'kusambira pang'ono, dzuwa likapendeka n'kunyamuka. Palibe cholakwika pamenepo. Koma ine amene ntchito yanga ndi kuperekeza alendo ndi ana asukulu m'dera limeneli, zimandipweteka kuona anthu akubwerera kwawo osaona chimene malowa amatetezedwera.

Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980 pofuna kuteteza nsomba, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo amtengo wapatali padziko lonse. Malire ake amalowa m'nyanja mamita 100 kuchokera pagombe, kuzungulira mapiri a Nankumba ndi zilumba monga Thumbi, Domwe ndi Mumbo. M'madzi amenewa saloleza kuponya ukonde chifukwa ndi kwawo kwa mbuna.

Mbuna ndi tinsomba ta m'miyala, tambiri totalika ngati chala cha munthu wamkulu kapena kuposerapo pang'ono. Timadya ndere pozipala pamwala ndi timano take. Tili ndi khalidwe limodzi limene limafotokoza zambiri: sitikonda kuwoloka pamchenga kapena pamadzi akuya. Gulu limene linakhazikika pa miyala ya chilumba china limakhala pomwepo, kuswana lokhalokha kwa mibadwo yosawerengeka, mpaka kusiyana ndi anzawo a tsidya lina pa maonekedwe, kamwa ndi kadyedwe. Umu ndi mmene nyanja yathu inakhalira ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndipo yambiri siipezeka kwina kulikonse. Choncho gulu la pa chilumba chimodzi likatha, palibe kumene mungakatenge lina lofanana nalo.

Mwana akavala galasi loonera pansi pa madzi ku Otter Point kapena ku Thumbi, muuzeni zoti ayang'ane. Zowala kwambiri, makamaka zabuluu, nthawi zambiri zimakhala zazimuna, ndipo iliyonse imalondera kamwala kake n'kumathamangitsa zinzake. Kenako afunefune nsomba yotupa kukhosi imene sikudya pomwe zinzake zikupala ndere. Imeneyo ndi mayi. Mazira ake amawasunga m'kamwa kwa masabata pafupifupi atatu, osadya bwino nthawi yonseyo, mpaka tiana titatha kusambira tokha. Chambo chimene mwaotcha pagombe chija chimaleranso ana ake chimodzimodzi, n'chifukwa chake boma limatseka nyanja nyengo yoswana. Mwana amene waona yekha nsomba itanyamula ana m'kamwa savutika kumvetsa lamulo limeneli.

Eni maboti ena amaponya buledi m'madzi kuti mbuna zisonkhane. Ine sindigwirizana nazo. Matumbo a nsombazi anazolowera ndere, ndiponso zikaunjikana polimbirana buledi simuonanso mmene zimakhalira pazokha. Mukangoyandama phee kwa mphindi zochepa, zimabwera zokha.

Pamtunda palinso zoona. Nkhwazi zimalira m'mitengo ya m'zilumba, anyani amayendayenda pafupi ndi malo odyera (sungani chakudya m'chikwama chotseka), ndipo kuli manda a amishonale a Livingstonia amene anafika mu 1875 n'kusamukira ku Bandawe mu 1881 malungo atawavuta. Panjira yochokera ku Monkey Bay, imani pa Mwala wa Mphini ana aone mizere yake.

Tsono pali zinthu ziwiri zimene kholo liyenera kuzitenga mozama. Choyamba ndi mphepo ya mwera, imene imawomba kwambiri m'miyezi yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti. Nyanja imatha kukhala bata m'mawa, masana n'kuwinduka. Pitani kuzilumba m'mamawa, ndipo musakweze mwana m'boti lopanda majekete oyandamitsa a msinkhu wake, ngakhale mwiniwake akutsimikizireni kuti ulendo ndi waufupi. Funsaninso alonda a paki malo oyenera kusambira, chifukwa ng'ona ndi mvuu zilipo m'madera ena a nyanja.

Chachiwiri ndi likodzo. Munthu wodwala akakodzera m'madzi, mazira a nyongolotsi zoyambitsa matendawa amaswa n'kulowa mu nkhono zazing'ono. Kuchokera mu nkhonomo timatuluka tizilombo tosaoneka ndi maso timene timaboola khungu la wosambira. Chiopsezo chimakula m'madzi osaya, odekha, a udzu, makamaka pafupi ndi mudzi wa Chembe pamene anthu ambiri amachapa ndi kusamba. Kumiyala ya kuzilumba chimachepa, ngakhale sichitheratu. Anthu ena amamwa mankhwala a praziquantel tsiku lomwe achoka kunyanja, koma mankhwalawa amagwira bwino nyongolotsi zikakula. Dikirani papite masabata 6 mpaka 8, kenako pitani ndi banja lonse kuchipatala mukanene kuti munasambira m'nyanja, ngakhale palibe amene akumva kupweteka. Mwana akayamba kukodza magazi kapena kutentha thupi nthawi imeneyo isanakwane, pitani naye msanga.

Nyengo yabwino yoonera nsomba ndi kuyambira Sepitembala mpaka mvula isanayambe, pamene mwera wachepa ndipo madzi ayera. Pachipata cha paki Amalawi amalipira ndalama yocheperapo kusiyana ndi alendo akunja, choncho musaiwale chiphaso chanu cha unzika.