Mwana Akakomoka ndi Malungo, Musadikire Kuti Kuche

Amayi, abambo, agogo ndi nonse olera ana: mvula yayamba, udzudzu wachuluka, ndipo ana obwera ali chikomokere ayambanso kuchuluka m'zipatala. Chotidandaulitsa ife a zaumoyo n'chakuti ambiri akufika mochedwa, atayamba apita nawo kwina, pachifuwa pali mphini zatsopano, m'kamwa mukununkha mankhwala azitsamba. Mukafunsa, yankho ndi lomwelija: "Timayesa zaanthu, poti dzulo lomweli amasewera."

Inde, dzulo amasewera. Malungo aakulu amatero, ndipo chifukwa chake chili m'timitsempha ting'onoting'ono ta magazi.

Mitsempha imene mumaiona pamkono ndi ikuluikulu. Imagawikana mpaka kukhala timitsempha tosaoneka ndi maso, toonda kangapo kuposa tsitsi limodzi, tomwe tili paliponse: mu ubongo, m'maso, m'mapapo, mu impso. Ndi topanikiza moti maselo ofiira a magazi amadutsamo amodziamodzi, akudzipinda kuti akwanemo. Khoma lake n'lopyapyala kwambiri, choncho mpweya wa okosijeni ndi shuga zimatulukira pomwepo kukadyetsa thupi, zoipa n'kulowa m'magazi kuti zikatayidwe. Dinani chikhadabo chanu: chimayera, mukasiya chimafiiranso pasanathe masekondi 2. Amenewo ndi magazi akubwerera m'timitsempha timeneti.

Tizilombo ta malungo totchedwa Plasmodium falciparum, tomwe ndi tofala kwambiri kuno, timalowa m'maselo ofiirawo n'kumakuliramo. Selo lomwe linali lofewa limauma, limayamba kumata, n'kukakamira kukhoma la kamtsempha. Linzake limadzakakamira pomwepo, mpaka njira kutsekeka ngati ngalande yodzaza zinyalala nthawi ya mvula. Zikachitika mu ubongo, mwana amafooka, amagona kwambiri, amauma thupi, maso kutembenuzika, kenako osadzukanso. Zonsezi zikhoza kuchitika pa tsiku limodzi.

Palibe walodza mwanayo. Tikubwereza chifukwa apa ndi pomwe tikutaya ana. Zimenezi madokotala anaziona ndi maso, kuno komwe ku Malawi. Pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anakonza njira yoyezera kukula kwa chikomokere cha mwana, yomwe inatuluka mu 1989 ndipo mayiko ambiri amaigwiritsa ntchito ndi dzina loti Blantyre Coma Scale. Pomwepanso, dokotala wa maso Susan Lewallen anaonetsa kuti mukaunika mkati mwa diso la mwana wodwala malungo a mu ubongo mumapeza timadontho ta magazi, mawanga oyera, ndi timitsempha tosintha mtundu. Kafukufuku wina wa pa Queens pomwepo, wojambula mitu ya ana ndi makina a MRI, anasonyeza mu 2015 kuti ana ambiri omwalira ndi nthendayi ubongo wawo umatupa mpaka kupanikiza mbali yomwe imayendetsa kupuma. Mphini sizingatsegule kamtsempha ka mu ubongo. Utsi wofukiza sungaphe tizilombo tomwe tili mkati mwa maselo.

Chiopsezo chachikulu chili pa ana osakwana zaka 5, chifukwa matupi awo sanazolowere kulimbana ndi malungo. Amayi oyembekezera nawonso asamale: maselo omatawo amakakamiranso m'nsengwa, mwana n'kubadwa wochepa thupi.

Thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo mwana akatentha thupi n'kuonetsa chimodzi mwa izi: kukomoka kapena kuuma thupi, kulephera kuyamwa kapena kumwa, kusanza chilichonse, kugona kosadzutsika, kulephera kukhala tsonga, kupuma mobanika, zikhatho ndi mkati mwa zikope kuyera, kapena mkodzo wakuda. Chimodzi chokha n'chokwanira. Musadikire kuti zikwane zitatu.

Ndipo tikati nthawi yomweyo, ndiye kuti usiku womwewo. Tikudziwa kuti kabaza wa usiku ndi wodula, tikudziwanso kuti m'mabanja ambiri mayi sanyamula mwana popanda mawu a bambo kapena a malume ake. Abambo, eni mbumba, perekani chilolezocho lero mwana ali bwinobwino, kuti tsikulo likadzafika mayi asadzayambe kukusakani pa foni. Ngati banja likufuna mapemphero, pempherani muli m'njira. Maola omwe amathera pokambirana kuti walodza ndani ndi omwewo amene timitsempha tikutsekeka. Malungo a mu ubongo akapanda chithandizo pafupifupi nthawi zonse amapha, ndipo ngakhale m'chipatala ana 15 mpaka 20 mwa 100 alionse sapulumuka. Ena opulumuka amatsala ndi khunyu, vuto la kumva, kuona, kulankhula kapena kuphunzira.

Mwana akamakomoka, mugonekeni chammbali kuti malovu ndi masanzi zituluke. Musamuike supuni kapena chala m'kamwa. Musamumwetse chilichonse, kaya madzi, phala, Panado kapena mankhwala achikuda, chifukwa zimalowa m'mapapo. Muvuleni zovala zolemera, mumupukute ndi kansalu konyowetsa m'madzi ofunda pang'ono, kenako nyamukani. Ngati chipatala chili kutali, dutsirani kwa alangizi a zaumoyo a m'mudzi. Komwe alipo, amalowetsa mankhwala a artesunate kotulukira chimbudzi kwa mwana kuti apirire ulendo. Amenewo si mapeto a chithandizo. Ngakhale atsegule maso panjira, musabwerere naye kunyumba, akufunikabe jakisoni kuchipatala.

Zambiri mwa izi zimapeweka mwana akayezedwa magazi pasanathe maola 24 chitenthereni thupi. Kuyeza ndi mankhwala n'zaulere m'zipatala za boma. Panado amangoziziritsa thupi, tizilombo tikuswanabe. Mukapatsidwa mankhwala a malungo a LA, mwana amwe kawiri pa tsiku kwa masiku 3, mpaka amalize, osasungako wina kuti adzamwe mng'ono wake. Ana agone m'masikito usiku uliwonse, ndipo m'maboma momwe muli katemera wa malungo, amene anayamba kuperekedwa kuno mu 2019, apititseni akalandire maulendo onse 4. Wolandira katemera akatentha thupi ayezedwebe, ndipo akakomoka, ulendo wa kuchipatala ndi womwewo, usiku womwewo.