Whitehead ya ku Lancashire ndi makatani a rayon

Dzina la David Whitehead ife timalidziwira pa zitenje za fakitale ya ku Blantyre, imene inayamba ntchito m'zaka za m'ma 1960. Koma kwawo kwa dzinali ndi ku Rawtenstall, tauni ya mafakitale a nsalu m'chigawo cha Lancashire ku England, ndipo kumeneko linatchuka ndi makatani a rayon.

Ulusi wa rayon umachokera ku mitengo. Amatenga phala la mtengo n'kulisungunula ndi mankhwala mpaka likhale lonanda ngati uchi, kenaka amalifinyira m'timabowo ting'onoting'ono, ulusi n'kumatuluka. Njira imeneyi, yotchedwa viscose, inatulukiridwa ndi Charles Cross, Edward Bevan ndi Clayton Beadle mu 1892, ndipo kampani ya Courtaulds inayamba kupanga ulusiwu ku Coventry mu 1905. Kutchipa kwake kunadyera pa thanzi la antchito, pakuti mankhwala a carbon disulphide ankawononga mitsempha, ena mpaka mutu kusokonekera. Zimenezi sitiyenera kuziiwala tikamayamikira kukongola kwa nsaluyi.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, anthu a ku Britain anali atatopa ndi katundu wa mitundu yozimiririka. Pa chionetsero cha Festival of Britain mu 1951, katswiri wa zojambula za pansalu Lucienne Day anaonetsa nsalu yotchedwa Calyx, ya timizere topyapyala ndi zojambula zonga tizikho ndi bowa. Inagwedeza anthu, koma inali ya linen, nsalu yodula, yogulitsidwa ku Heal's, sitolo ya opeza bwino.

Apa m'pamene kampani ya Whitehead ya ku Rawtenstall inachita chinthu chimene ine ndimachilemekeza. Mkulu wake woona za mapangidwe, John Murray, yemwe anaphunzira zolemba mapulani a nyumba, ankakhulupirira kuti nsalu yotchipa ikhozanso kukhala yokongola. Anaitana akatswiri monga Marian Mahler ndi Jacqueline Groag, mayi wobadwira ku Prague amene anaphunzira ku Vienna n'kuthawira ku London mu 1939. Zojambula zawo za tizidole, masamba, mbalame ndi mabokosi opendekeka ankazidinda pa rayon ndi makina a zitsulo zozungulira, othamanga kuposa kudinda pamanja. Rayon imamwa utoto bwino, motero zofiira ndi zachikasu zinkawala ndithu, ndipo banja lachinyamata lolowa m'nyumba yatsopano ya khonsolo linkatha kugula mayadi okwanira mawindo ake onse.