Mafunso ndi Mayankho: Malamulo Olowera ndi Kugona m'Mapaki a m'Chipululu cha Utah ndi Arizona

Kumwera chakumadzulo kwa dziko la United States kuli mapaki a boma amene anthu amawayendera pa galimoto motsatizana, kuyambira ku Zion ndi Bryce Canyon, kudzera ku Capitol Reef, Arches ndi Canyonlands m'chigawo cha Utah, mpaka ku Grand Canyon m'chigawo cha Arizona, kumene mtsinje wa Colorado unakumba chigwembe chakuya mamita oposa 1,800 m'malo ena. Mapaki onsewa ali m'manja mwa nthambi ya boma ya National Park Service.

Kodi polowa m'paki munthu amalipira zingati?

Galimoto imodzi imalipira madola 35 ku Zion, Bryce Canyon ndi Grand Canyon, pamene ku Arches ndi Canyonlands imalipira madola 30, ndipo lisiti lake limagwira ntchito masiku 7 m'paki yomweyo. Palinso chiphaso cha chaka chathunthu chotchedwa America the Beautiful, chimene chimalowetsa mwini wake ndi onse okwera nawo m'mapaki onse. Kuyambira pa 1 Januwale 2026, chiphasochi chili pa madola 80 kwa anthu okhala m'dzikomo ndi madola 250 kwa alendo ochokera kunja, ndipo mlendo aliyense wochokera kunja wopanda chiphasochi amawonjezera madola 100 polowa m'mapaki 11 otchuka kwambiri, kuphatikizapo Zion, Bryce Canyon ndi Grand Canyon. Mwamuna ndi mkazi wake oyendera mapaki atatuwa angawonjezere madola 600, choncho kwa iwo kugula chiphaso n'kwanzeru.

Ndikagula chiphasocho, ndiye kuti ndapezanso pogona?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwira njakata. Chiphaso chimangotsegula chipata. Malo okhomapo tenti amalipiridwa paokha ndipo amabukitsidwa pa intaneti kudzera pa Recreation.gov. Ku msasa wa Watchman ku Zion, wa Mather ku Grand Canyon ndi wa Devils Garden ku Arches, malo amayamba kugulitsidwa kutatsala miyezi 6 kuti tsiku logonalo lifike. Msasa wa Devils Garden ndi wokhawo m'paki yonse ya Arches ndipo uli ndi malo 51 okha, moti kuyambira Malichi mpaka Okutobala munthu wongotulukira madzulo, ali ndi tenti m'buti, sayenera kuyembekezera kupeza pogona. Kugona m'galimoto m'mbali mwa msewu kapena pamalo oimikapo magalimoto n'koletsedwa, ndipo oyang'anira paki amalipiritsa chindapusa. N'chifukwa chake ulendo woterewu umakonzedwa poyamba n'kupeza misasa, kenako n'kulumikiza misewu motsatira masiku amene apezekawo.

Nanga misasa ikadzaza?

Kunja kwa mapaki kuli malo aakulu a boma oyang'aniridwa ndi Bureau of Land Management, kumene m'madera ambiri munthu amaloledwa kukhoma tenti kwaulere kwa masiku osapitirira 14 pamalo amodzi. Kumeneko kulibe mpopi, chimbudzi kapena dzala. Kufupi ndi tauni ya Moab, yomwe ili pafupi ndi Arches, lamulo ndi lokhwima kwambiri, chifukwa wogona kutchire amayenera kunyamula chimbudzi chake m'matumba opangidwira ntchitoyo n'kukachitaya kumalo ovomerezeka. Lamuloli limaoneka lachilendo, koma lili ndi mutu: m'nthaka youma chotero zonyansa siziwola msanga.

Kodi njira zonse za m'paki n'zotseguka kwa aliyense amene walowa?

Si zonse. Kuyambira mu Epulo 2022, wokwera thanthwe la Angels Landing ku Zion, limene anthu amakwera atagwira unyolo phompho lili mbali zonse ziwiri, amafunika chilolezo chimene chimaperekedwa mwa mayere. Wofuna kugona pansi pa chigwembe cha Grand Canyon, monga ku msasa wa Bright Angel, amafunikanso chilolezo chapadera. Komanso kwa miyezi yambiri pachaka, msewu wolowa m'chigwa cha Zion sulola magalimoto a alendo. Anthu amakwera mabasi aulere a paki.

N'chifukwa chiyani amaletsa kuchoka m'njira pamene paliponse ndi pouma?

Nthaka ya ku Arches ndi Canyonlands ili ndi nkhanambo yakuda, yokakala, yopangidwa ndi tizamoyo ting'onoting'ono, ndere ndi nkhungu. Nkhanamboyi ndi imene imamanga mchenga kuti usauluzike ndi mphepo, imasunga chinyezi ndipo imadyetsa zomera. Phazi limodzi limaiphwanya, koma kuti ibwerere pamatenga zaka zambiri. Woyenda amayenera kuponda m'njira, pathanthwe kapena m'khwawa louma.

Choopsa chachikulu n'chiyani?

Ndi madzi, akasowa komanso akachuluka. Oyang'anira mapaki amalangiza kumwa pafupifupi malita 4 patsiku ndi kudya zakudya za mchere. Ku Grand Canyon anthu amapusitsika chifukwa pamwamba, pamene ndi mamita pafupifupi 2,100 kuchokera pa nyanja yamchere, pamakhala pozizira bwino, pamene pansi kutentha kumapitirira madigiri 40 m'chilimwe, ndiponso chitunda chimabwera pobwerera munthu atatopa kale. Pachifukwachi amachenjeza anthu kuti asayese kutsika kumtsinje ndi kukweranso tsiku lomwelo, ndipo amalangiza kupuma kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko masana.

Kuyambira Julaye mpaka Sepitembala kumagwa mvula yamabingu. Ikhoza kugwa kutali kumene simukuona, madzi ake n'kukhamukira m'zigwembe zopapatiza ngati napolo, atanyamula miyala ndi zipika, kumwamba kwanu kuli ngwee. Mu Sepitembala 2015 anthu 7 anafera mu Keyhole Canyon ku Zion mwa njira imeneyi. Musanalowe m'njira ngati The Narrows, yomwe munthu amayenda mumtsinje wa Virgin pakati pa makoma a miyala, funsani za nyengo ku ofesi ya alendo, ndipo musakhome tenti m'khwawa ngakhale litauma chotani.

Pali zoletsedwa zina?

Ma drone analetsedwa m'mapaki onse mu 2014. Kudyetsa nyama, kutenga miyala ndi kulemba dzina pathanthwe ndi milandu. Ku Grand Canyon ndi ku Arches kutola nkhuni n'koletsedwa, choncho muzigula, ndipo kukauma kwambiri moto wa nkhuni amauletseratu.

Kodi chiphaso chija chimagwiranso ntchito ku Monument Valley ndi Antelope Canyon?

Ayi. Malo awiriwa ali m'dera la mtundu wa Navajo, umene uli ndi boma lake ndi mitengo yake yolowera, ndipo ku Antelope Canyon mlendo salowa popanda womulondolera wovomerezeka. Samalaninso ndi wotchi: kuyambira Malichi mpaka kumayambiriro kwa Novembala, dera la Navajo ndi chigawo cha Utah zimakhala patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi madera ena a Arizona, choncho pobukitsa funsani kuti nthawi imene mwapatsidwayo ndi ya mbali iti.