Mafunso ndi mayankho pa lamulo lopereka mafayilo a m'mawotchi othamangira

Chikhazikitsireni lamulo lakuti aliyense wofuna kuti mitunda yake iwerengedwe pa mpikisano wa mwezi ndi mwezi azipereka fayilo yochokera m'wotchi yake, osati chithunzi cha pafoni, ofesi ya gulu lathu la othamanga kuno ku Lilongwe yakhala ikulandira madandaulo, ndipo Loweruka lililonse pamakhala mzere pa kompyuta imodzi yomwe tili nayo. Komiti yayankha mafunso amene akubwera kawirikawiri.

Kodi wotchi imafuna bandulo kuti iyeze mtunda?

Ayi, imayeza pogwiritsa ntchito masetilaiti a GPS, ndipo intaneti imafunika pokhapokha potumiza zimene yasunga.

Mukulandira mafayilo amtundu wanji?

Tikulandira FIT, TCX ndi GPX. Tikukonda FIT chifukwa imasunga nthawi, mtunda, njira ndiponso kugunda kwa mtima monga momwe wotchi inajambulira, pamene GPX inapangidwa makamaka kuti izisunga njira, choncho zina zimatha kusowamo.

Ndingatulutse bwanji fayilo popanda intaneti?

Zimatengera wotchi. Mawotchi ambiri a Garmin mukawalumikiza ku kompyuta ndi chingwe chake chotchajira, mumapeza foda yotchedwa GARMIN, ndipo m'kati mwake muli ina yotchedwa Activity momwe muli mafayilo a FIT oti mungokopera pa flash. Amene ali ndi Apple Watch amatulutsa zonse pamodzi kudzera mu pulogalamu ya Health pa iPhone, ndipo njira zimabwera ngati GPX m'fayilo ya zip. Amene ali ndi mawotchi a Polar amadutsira pa webusaiti ya Polar Flow, kutanthauza kuti bandulo imafunika ndithu. Amene amasunga pa Strava, pulogalamu yosungira mitunda ya othamanga, adziwe kuti batani lotulutsira fayilo lili pa webusaiti, osati mu pulogalamu ya pafoni, ndipo ambiri amene akuima pamzere muofesi akuvutika ndi chimenechi. Fayilo ikatuluka imatsegulika popanda netiweki ndi mapulogalamu aulere monga GPXSee kapena GoldenCheetah.

Wotchi yanga situlutsa fayilo. Kodi ndachotsedwa pa mpikisano, nanga ndalama yolembetsera mubweza?

Funso limeneli ndi limene latitengera nthawi yaitali m'komiti, ndipo tipemphe kuti muwerenge yankho lonse musanaimbe foni. N'zoona kuti mawotchi ena, makamaka otsika mtengo amene amangowerenga mapazi, alibe GPS yawoyawo, ndipo ena amasunga zonse mu pulogalamu yomwe siipereka njira yachidule yotulutsira. Komiti sikunena kuti eni mawotchi otere ndi achinyengo, koma chithunzi cha pafoni sichitiuza ngati makilomita 10 anathamangidwa ndi miyendo kapena ena anayendedwa pa kabaza, pamene fayilo imaonetsa liwiro la pamalo paliponse. Chifukwa cha ichi chithunzi chokha sitichilandira, ngakhale chichokere kwa membala wakale.

Izi sizikutanthauza kuti mwachotsedwa. Mutha kujambula mtunda ndi foni imene ili ndi GPS n'kutipatsa GPX, kapena kuthamanga ndi gulu pa tsiku limene wa m'komiti alipo kuti akulembereni. Amene amathamanga pa makina a m'nyumba zolimbitsira thupi apereke FIT kapena TCX, popeza GPX imakhala yopanda njira iliyonse, ndipo mitunda yotere tiziiona payokhapayokha chifukwa wotchi imangoyerekeza mtunda kuchokera ku kugwedezeka kwa mkono.

Pa nkhani ya ndalama, amene analipira lamuloli lisanalengezedwe ndipo njira zonsezi zawakanika alembe kalata kwa msungichuma, ataphatikiza uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba wosonyeza kuti analipira. Sitikulonjeza kuti aliyense abwezeredwa, chifukwa gawo lina la ndalamazo linagwiritsidwa kale ntchito pokonzekera mpikisano, koma pempho lililonse liunikidwa ndipo mwini wake adzayankhidwa polemba. Amene analipira lamulo litalengezedwa kale asayembekezere kubwezeredwa.

Kodi lamuloli lili ndi phindu lanji kwa wothamanga?

Phindu lilipo. Mu Julayi 2020 Garmin Connect, pulogalamu ya pa intaneti imene eni mawotchi a Garmin amatumizako mitunda yawo, inaleka kugwira ntchito kwa masiku angapo makompyuta a kampaniyo ataukiridwa ndi akuba a pa intaneti, ndipo anthu padziko lonse analephera kutumiza kapena kuona mbiri yawo, koma amene anali ndi mafayilo pa kompyuta zawo sanasowe kanthu. Wotchi nayo ikadzaza imatha kufufuta zakale.

Fayiloyi ikuonetsa pakhomo panga. Ndani akuiona?

Tikuvomereza kuti nkhawa imeneyi ndi yoona, ndipo amayi a m'gulu lathu amene amathamanga m'bandakucha ndi amene anaitula. Fayilo imasonyezadi pamene munayambira, pamene munathera ndi nthawi yake. Oiona ndi anthu awiri okha oika zotsatira, ndipo imafufutidwa pa kompyuta ya ofesi zotsatira za mweziwo zikatsimikizika. Musaitumize pa gulu la WhatsApp. Tikulangizanso kuti muziyatsa wotchi mutatalikirako ndi kwanu, mwachitsanzo mukafika pa Bingu National Stadium kapena pa msewu waukulu wa ku Area 18, ndipo muziizimitsa musanakhotere kunyumba.