Munthu akamwalira sasanduka mngelo ayi

Pa Facebook munthu akangomwalira, makamaka mwana, mumaona anthu akulemba kuti wasanduka mngelo, pano akutiyang'anira kumwamba. Amalemba ndi mtima wabwino pofuna kutonthoza anamfedwa, koma abale Baibulo silinena choncho ayi. Angelo ndi zolengedwa zina, mizimu yotumikira monga akunenera Aheberi 1:14, ife ndife anthu ndipo tidzakhalabe anthu.

Ambiri amatengera pa Mateyu 22:30. Pamenepo Asaduki, omwe sankakhulupirira zoti akufa adzauka, anamufunsa Yesu za mayi amene anakwatiwa ndi amuna 7 apachibale motsatizana kuti nanga adzakhala mkazi wa ndani, ndiye Yesu anawayankha kuti akufa akadzauka kulibenso zokwatirana, adzakhala ngati angelo akumwamba. Koma kufanana ndi angeloko kunali pa nkhani ya ukwatiyo.

Chimene mkhristu akudikira ndi kuuka kwa thupi, ndipo ine izi ndi zimene zimandilimbitsa mtima pamaliro. Yesu atauka ophunzira anachita mantha kuyesa mzukwa, iye nkuwauza kuti tandikhudzani, mzimu ulibe mnofu ndi mafupa ngati mmene ndilili inemu, mpaka anadya nsomba yowotcha iwo akuona, zili pa Luka 24:39-43. Paulo naye pa 1 Akorinto 15 akuti thupi timaliika m'manda lovunda koma lidzauka losavunda, lomwelo Mulungu atalisintha. Nchifukwa chake tikamanena Chikhulupiriro cha Atumwi kutchalitchi, kaya ku CCAP, Anglican kapena Katolika, kumapeto kuja timatchula kuuka kwa thupi kenako moyo wosatha.