Musanadaye imvi, yesani kaye kuseri kwa khutu

Imvi si matenda. Zimabwera timizu ta tsitsi tikasiya kupanga melanini, chinthu chimene chimadetsa tsitsi, ndipo ena zimawayamba asanafike zaka 30 chifukwa cha kumtundu. Wofuna kuzibisa sitikumuletsa. Nkhawa yathu ili pa timapaketi ta ufa tolembedwa "black henna" timene timagulitsidwa m'mashopu a zodzola, m'misika ndi m'masaluni muno mu Lilongwe.

Hina (henna) weniweni ndi masamba a chomera cha Lawsonia inermis, owumitsa n'kusinja. Ufa wake ndi wobiriwira, umanunkha ngati udzu wouma, ndipo umafuna maola angapo kuti ugwire. Imvi zimasanduka zofiirira ngati dothi la katondo. Hina payekha sadetsa tsitsi. Ofuna lakuda amapaka ufa wa chomera china, indigo, akatsuka hinayo.

Tsono mukaona ufa ukudetsa tsitsi bii m'mphindi 20 zokha, dziwani kuti mwathiridwa china. Kawirikawiri ndi mankhwala odetsa tsitsi otchedwa PPD. Mayiko a European Union salola PPD kupitirira 2 peresenti mu dayi wosungunula, koma timapaketi tina sitilemba n'komwe kuchuluka kwake.

Kuipa kwa PPD n'kwakuti sathamangira kuonetsa. Mumachoka ku saluni mukuwala, mawa kapena mkucha m'mutu mwayamba kuyabwa ndi kutentha, matuza atuluka pamphumi, m'makutu ndi m'khosi, zikope zatupa mpaka maso kutsekeka. Izi zimagwera ngakhale munthu amene wakhala akudaya kwa zaka osaona vuto, ndipo thupi likadana naye kamodzi, ladana naye moyo wonse.

Choncho nthawi iliyonse, ngakhale paketi ndi yomwe mumagula kale, sungunulani pang'ono, mupake kadontho kuseri kwa khutu, mudikire maola 48. Pakafiira kapena kuyabwa, musapake. Pakapanda kanthu, valani magolovesi, pakani Vaseline m'mphepete mwa tsitsi, ndipo musapitirire nthawi yolembedwa pa paketi. M'mutu mukakhala zilonda, kapena mwangowotcha kumene tsitsi ndi mankhwala, dikirani. Pansidze ndi pazikope ayi ndithu.

Ana tiwatchinjirize. Ufa wakudawu akaumeza umatupitsa kukhosi ndi kuwononga impso, choncho usungeni patali, osati m'kabotolo pafupi ndi zakudya. Ngakhale hina weniweniyo musapake makanda: kwa mwana wobadwa ndi vuto la magazi la G6PD, limene lilipo pakati pathu, amaphwanya maselo ofiira, mwana n'kuchita chikasu.

Kukayamba kuyabwa, tsukani msanga ndi madzi ambiri, mukaonane ndi achipatala chapafupi. Milomo, lilime kapena nkhope zikatupa, kupuma kukavuta, kapena mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka, musadikire kuche: thamangirani ku Kamuzu Central Hospital, mutanyamula paketi ija kuti adokotala aione.